Mbedza Yovala Nthenga

Amene anaba kachitini ka mbedza ka Jobe ndi Lydia NyaMhone. Tiyambire pomwepo, asadzakunamizeni wina kuti kanangotoledwa panjira. Anakasolola m'thumba la jekete kuloji ya ku Kande komwe onse awiri amagwira ntchito, n'kukakatula m'manja mwa achimwene ake, a Mizeck Mhone, kutatsala masiku anayi okha kuti Lusizi asudzulidwe. Sanapunthwe ayi. Masikuwo anawawerenga bwinobwino.

Lusizi NyaKamanga anali mkazi wa malemu Austin, mng'ono wa a Mizeck, mlongo wa Lydia yemweyo. Austin anapita ndi mwera pamodzi ndi bwato lake, Lusizi ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo anavala mpango wakuda. Chaka chitatha, akuchimuna anati dikira, chinangwa sichinakhwime choti n'kudyetsa anthu pamwambo. Chaka chachiwiri chitalowa anati dikira, a Mizeck atanganidwa ndi za mpingo. Inu amene simunafedwe mwamuna mvetsani: mkazi wamasiye amene abale a mwamuna sanamuvule zakuda n'kumuuza kuti pita wamasuka, ndi mbuzi ya pachichiri. Imadya pomwe chingwe chalekeza. Sangafunsiridwe, sangaseke mokweza, akadzola mafuta onunkhira mudzi wonse umafunsana.

Tsopano tsiku linali litapezeka, Loweruka. Ndipo panali mwamuna amene ankaliyembekeza kuposa mwiniwake.

*

Anakumana chaka chatha mvula ikutsazika, kumtunda kwa Luweya, komwe mtsinje umatsika m'mapiri madzi ali ozizira oumitsa zala. Kumeneko n'kwawo kwa amayi ake a Lusizi, ndipo iye anapita kukavuula chinangwa chimene anaviika. Ali chiweramire anamva kanthu kakulira fyuu pamwamba pa mutu, mpango n'kunyamuka wokha, kuuluka ngati khwangwala, kukagwa pakati pa dziwe.

Atatembenuka anaona mwamuna ataima m'madzi olekeza m'mawondo, ndodo yaitali yowonda ngati bango ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Lusizi anamutukwana m'Chitonga kuyambira kuphazi mpaka kwa agogo ake. Munthuyo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anadziwa kuti sakumudalitsa. Anasambira, anakatenga mpango, anaufinya, n'kuupereka ndi manja awiri akupepesa m'Chichewa cha ku Zomba. M'mphepete mwa mpangomo munali mutakola kambedza kochepa ngati chikhadabo cha khanda, kovala nthenga.

Lusizi anafunsa kuti nanga nyambo ili kuti. Mwamunayo, Jobe, anati nyambo yake ndi nthenga zomwezo. Anafotokoza kuti anakulira m'munsi mwa phiri la Zomba, komwe bambo ake ankaperekeza alendo kukawedza nsomba za m'madzi ozizira zotchedwa tirauti. Nsombazo zimadya tizilombo totera pamadzi, ndiye munthu umamanga kachilombo kabodza ndi nthenga ndi ulusi, n'kukaponya kuti katere mofewa ngati kamoyo. Kuno tirauti sanaionepo, koma anapeza kuti sanjika ndi mpasa zikamakwera mtsinje nazonso zimapusitsika, ndipo a loji anamulemba ntchito yoperekeza alendo okonda zoterozo.

Ali pomwepo anaponya. Chingwe chinavina m'mwamba kawiri, chinagona pamadzi, posakhalitsa sanjika ili pambedza. Anaikoka, anaimasula, n'kuibweza m'madzi.

"Kwanu ku Zomba misala imayamba chonchi?" anafunsa Lusizi.

"Ikakule kaye, mayi."

"Ikakulira mumphika mwa wina."

Lusizi anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa, chifukwa kanali koyamba kuseka pamaso pa mwamuna chifere Austin.

*

Chinangwa cha chaka chimenecho chinaviikidwa chambiri kuposa mmene banja limadyera. Amayi ake anaziona ndithu. Jobe anapempha nambala ya foni pa ulendo wachitatu, anapatsidwa pa wachisanu ndi chiwiri. Mameseji ake onse ankayamba ndi "Mwe uli, ama," Chitonga chake n'kuthera pomwepo. Lusizi ankamuyankha kuti aleke kuthyola chilankhulo cha eni ake, n'kumadikira meseji ina foni ili m'chiuno mwa chitenje.

Za m'tchire sanachite, ndipo wonena zimenezo ndi wabodza. Ankakhala pamwala, uyu uku, uyu uko, dengu la chinangwa pakati. Jobe ankamanga tizilombo take, Lusizi n'kumamunyogodola kuti mwamuna wamkulu zala ngati za telala. Tsiku lina Jobe anadandaula kuti nthenga zofiira zamuthera. M'mawa mwake tambala wa amayi a Lusizi ankayenda khosi lili pambalambanda. Tsiku linanso anasowa ulusi wakuda. Lusizi anayang'ana pamene mbedza ija inang'amba mpango, anasololapo ulusi wautali, n'kumupatsa.

"Ndauvala mokwana. Nawonso ukagwireko ntchito."

Jobe anamanga kachilombo ka thupi lakuda, khosi lofiira, ndipo kanagwira nsomba kuposa tonse. Anthu a ntchito imeneyi amakonda kupatsa maina tizilombo tawo, ndiye iye anadula kapepala, analembapo kuti NyaKamanga, n'kubaya mbedzayo pomwepo m'kachitini. Lusizi ataona anati ndi zachibwana. Koma phiri anatsika akuimba.

Jobe anadzera pakhomo, sanalowere pawindo. Anatuma nkhoswe kwa a Kamanga, abale a Lusizi. A Kamanga anati mwana ndi wathu koma chingwe chili kwa a Mhone, dikirani amusudzule. Anadikira miyezi isanu ndi iwiri osadandaula.

Lydia naye ankadikira zake. Kuloji ankamusungira Jobe ndiwo za pamwamba, kumuchapira malaya osatumidwa, kumufunsa ngati kwawo kuli nyumba ya malata. Jobe ankangoti zikomo achemwali. Mkazi amapirira zambiri, koma kutchedwa achemwali ndi mwamuna amene ukumufuna, kenaka n'kuona dzina la mlamu wako wamasiye m'kachitini kake, Lydia zimenezo sanapirire.

*

Lachiwiri masana Lusizi anaitanidwa pakhonde la a Mizeck. A Mizeck ndi mkulu wa mpingo, ndiponso mwini khoka la chilimira amene wakalambira panyanja. Si munthu woipa mtima, zimenezo tisawanamizire. Ndiwo anavuula mtembo wa mng'ono wawo patatha masiku atatu, ndipo chiyambire pamenepo chilichonse chimene sakuchimvetsa amachiopa.

Kachitini kanali pamphasa, kotsegula, palibe wokakhudza ndi dzanja. A Mizeck ankatembenuza timbedzato ndi kamtengo. Amayi anayi a umanyano, gulu la amayi a mpingo, anakhala chapatali, Lydia ataima pamzati manja m'khwapa.

Anamufunsa ngati akulidziwa dzina lolembedwa pakapepala. Anati ndi lake. Anamufunsa za nthenga, anati n'za tambala wa amayi ake. Ndiye a Mizeck anatola kambedza kakuda kaja ndi kamtengo, n'kukayandikiza ku mpango uli kumutu kwake.

"Ulusi uwu, mlamu, ndi wa maliro a mng'ono wanga?"

Apa Lusizi akanatha kunama. Ulusi wakuda uli m'golosale iliyonse ku Chintheche. Koma anati inde, ndipo munthuyo sanabe, anamupatsa yekha.

Amayi aja anayang'anana. Wina anati ndi mmene zimakhalira, wodyetsedwa kondaine amapereka yekha ngakhale tsitsi la m'mutu. Lydia anaponyapo yake, imene Lusizi anamuuza kale ngati mnzake akuseka limodzi: kuti mlendoyu anamuvula mpango tsiku loyamba lomwe, ntchito imene ndi ya abale a malemu okha. Lusizi anayesa kufotokoza za tizilombo totera pamadzi. A Mizeck anati iwo nsomba anaidziwa iye asanabadwe. Imadya nyongolotsi, imadya usipa, koma nthenga ayi. Nthenga ya tambala, ulusi wa maliro ndi dzina la munthu zikakumana pamodzi, anati, chimenecho chili ndi dzina lake, ndipo si mbedza. Za Loweruka anati aona.

Potuluka, Lydia anamutsatira mpaka pamtengo wa mango, akuyankhula mokoma ngati wodzapepesa maliro. Anati wachita izi pomuteteza. N'kuwonjezera, ngati wangokumbukira, kuti m'kachitinimo muli kapepala kenanso, kolembedwa Upile.

*

Lachitatu lonse Lusizi sanayankhe foni. Jobe anaimba mpaka batire linatsala pang'ono kutha. Dzuwa litapendeka Lusizi analemba mzere umodzi: "Upile ndani?"

Yankho linabwera ndi chithunzi cha mtsikana wa sukulu wa mano otalikirana ngati a Jobe, atavala juzi yobiriwira yomasuka pamkono. Anali mlongo wake wotsiriza, ndipo ulusi wa juziyo ndi umene unamangidwa pa mbedza ya Upile. Pansi analemba kuti ngati akufuna kudziwa onse opikisana nawo, ilipo ina dzina lake Abusa, chifukwa ndi yoyera pakhosi.

Lusizi anaseka misozi ili m'maso.

Lachinayi anakumana pamsika wa Chintheche, kuseri kwa ogulitsa mpunga wa ku Limphasa, aliyense akuyang'ana thumba lake ngati sakudziwana. Jobe anafunsa chifukwa chake sanangokana za ulusi.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikunamizira kuti ndikulirabe, a Jobe. Austin ndinamulira, ndinamaliza. Bodza lina ndilibe."

Jobe anali ndi nzeru yake kale. Anati apita yekha kwa a Mizeck, akawapemphe kuti Loweruka m'mawa onse akwere kumtsinje, akaone ndi maso awo kuti kanthuko ndi kowedzera nsomba basi. Asodzi anzake, anati, akaona nsomba pambedza nkhani itha. Lusizi mtima unakana. Anthu a kwawo ankawadziwa. Koma chimene chinkamuopsa sanathe kuchitchula dzina, ndiye anangomupempha chimodzi: ikakagwidwa asakaibweze m'madzi, angati akudyetsa mizimu.

A Mizeck anavomera msanga. Ankadziwa kuti nsomba sidya nthenga. Mlendo akachita manyazi pagulu abwerera kwawo yekha.

Lachisanu pamjigo Lusizi anapeza Lydia ali yekha, anatula ndowa, n'kumufunsa kuti anamulakwira chiyani. Lydia sanasiye kupopa.

"Inu munakwatiwapo kale, alamu. Mbale yanu munadya. Mukufunanso ya ena?"

*

Loweruka anthu anakwera phiri ngati kuli mpira. Asodzi a chilimira, amayi a umanyano, a Kamanga, ngakhale ena amene nkhaniyo sanaimve bwino. Mvula inali italeka masiku asanu, madzi atayera moti miyala ya pansi inkawerengeka. A Mizeck anabweza kachitini atakakulunga m'tsamba la nthochi.

Jobe analowa m'madzi, anayamba ndi Abusa. Chingwe chinapita kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, n'kugona pamadzi osachita phokoso. Zii. Anasuntha, anaponyanso. Ola linatha. Rabson, msuweni wa a Mizeck wodziwika ndi pakamwa, anafunsa kuti kodi mtsinjewu walakwanji kuti uzikwapulidwa chonchi. Wina anati amukumbire nyongolotsi, mkamwini angafe ndi njala asanakwatire. Lydia ankajambula pafoni. Lusizi anakhala pamwala wawo uja zala zitalowana, akupemphera pemphero limene sankadziwa kuti alimalize bwanji.

Dzuwa litafika pamadzi, tizilombo takuda tinayamba kutuluka m'mabango n'kumatera padziwe. Pansi pa mkuyu wopendekera, madzi anachita kabwalo, kenaka kenanso. Jobe anaona. Anadula Abusa ndi mano, anatsegula kachitini, anayang'ana Lusizi kamodzi, n'kumangirira kakuda kaja.

Kanatera pansi pa mkuyu mofewa. Kanayenda ndi madzi mkono umodzi. Ndiye mtsinje unang'ambika. Ndodo inapindika ngati uta, chingwe chikulira, mpasa inadumpha yonse m'mwamba, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, mimba ikung'anima. Asodzi anaiwala mbali imene anabwerera. Rabson yemweyo ndiye ankakuwa kuti asakoke, aipatse chingwe, aitopetse kaye. Inathawira kumiyala, Jobe anaitsata madzi ali m'chiuno, anaterereka, anamira, anavuuka ndodo ikadali m'mwamba. Itatopa anaigwira kumutu, anatuluka nayo, anagwada, n'kuiika pamapazi pa a Mizeck.

Lusizi anaimirira. Amayi ake anali atayamba kale nthungululu.

A Mizeck anawerama, anatsegula kamwa ya nsomba ndi kamtengo, anayang'anamo nthawi yaitali. Munalibe nyongolotsi, munalibe usipa. Ataweramuka, nkhope yawo sinali ya munthu wochenjera amene wapeza pothawira. Inali ya munthu amene waona njoka pamphasa ya mwana. Ankaopadi.

"Zaka makumi anayi ndili pamadzi. Choyera chija waponya ola lathunthu, nsomba osayang'anako. Wangomangirira cha dzina la mlamu wathu, cha ulusi wa maliro, nsomba yabwera yokha kudzafa popanda chakudya. Mwaona nonse. Chimene chaitana nsomba m'madzi ndi chomwecho chaitana mkazi m'nyumba mwathu."

Jobe anayamba kunena za tizilombo takuda tija, akuloza padziwe, koma kamphepo kanali katatitenga. Amayi a umanyano anayambitsa nyimbo yothamangitsa Satana. Rabson anayang'ana pansi. Pamenepo ndi pamene Lusizi anadziwa dzina la chimene mtima wake unkakana. Ikanapanda kugwidwa, Jobe akanakhala wabodza. Yagwidwa, ndi mfiti. Mu Luweya yense munalibe nsomba imene ikanamupulumutsa.

Nsomba yaufitiyo, muzidziwa, sanaitaye. Inatsika phiri m'dengu la akazi a Mizeck, mchira uli panja.

*

Kumudzi thobwa la mwambo linali litaphikidwa kale, mbuzi itamangidwa, chitenje chatsopano cha maluwa achikasu chimene amayi ake anamugulira chili chipindire pampando. Zonse zinangokhala.

Masana a Mizeck anaitana Lusizi ndi amayi ake m'nyumba. Anayankhula mofatsa, misozi inalengeza potchula Austin. Anati iwo sakufuna kusunga mwana wa eni ngati kapolo. Amusudzula mawa lomwe, anthu akangotuluka m'tchalitchi. Chofunika n'chimodzi: aimirire pamaso pa mpingo, anene ndi pakamwa pake kuti mlendo uja anamuchita mankhwala, amupempherere, ndipo dzina la Jobe lisadzamvekenso pakhomo la a Mhone kapena la a Kamanga. Akakana, ndiye kuti mankhwala akadali m'thupi, ndipo munthu wodwala sangamumasule. Adzavala zakuda mpaka adzachire, kaya ndi chaka, kaya ndi zisanu.

Panja amayi ake anamugwira dzanja. Anati amuna ndi ambiri, ufulu ndi umodzi. Anene, Mulungu akudziwa kuti wakakamizidwa. Anatinso iwo akukalamba, ndipo safuna kufa mwana wawo akadali ndi nsalu ya manda kumutu.

Meseji ya Jobe inafika anthu asanamwazikane. Kanema wa Lydia anali atayenda kale m'mafoni mpaka ku Kande, ndipo abwana akuloji anamuuza kuti apume kaye mpaka midzi izizire, poti antchito anzake akukana kudya naye mbale imodzi. Jobe analemba kuti: "Nenani zimene akufunazo, NyaKamanga. Dzina langa kuno lafa kale, lanu lisafe nalo. Mukavula zakuda ndidzasangalala ngakhale ndili ku Zomba."

Lusizi anawerenga kawiri, n'kuyankha mwaukali: "Mpasa munaitsata mpaka kumira. Ine mwadula chingwe ndisanakoke n'komwe."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Yankho silinabwere. Ataimba, inali yozima.

*

Lamulungu m'mawa belu loyamba lalira. Lusizi wakhala pakhonde, wasamba, nsapato zili m'manja. Amayi ake aima panjira ndi buku la nyimbo, akumuyang'ana. Lydia wadutsa kale, diresi yatsopano, tsitsi loluka dzulo, waperekanso moni wa "Mwayuka uli, alamu" ngati munthu.

Ndiye Rabson, amene chikumbumtima chamuluma, wazembera kuseri kwa khola kudzanong'ona. Akuti wamuona Jobe pa siteji ya Kande, chikwama pansi, ndodo yake itamangidwa m'chiguduli, akudikira basi ya kumwera imene imadutsa mapemphero ali mkati. Akutinso Lydia wapempha tchuthi kuloji kuyambira mawa, ati akukaona azakhali ku Liwonde. Azakhali amenewo pamtundu wonse wa a Mhone palibe anawamvapo.

Tsono inu amene mwawerenga, musangopukusa mitu n'kutsegula tsamba lina. Ena mwa inu mukanakhala kumtsinje kuja mukanaimba nawo nyimbo ija, ndipo mutu wa mpasa mukanaupempha. Akalowa m'tchalitchi n'kunama, amasuka lero lomwe, koma munthu wosalakwa wamupachika ufiti ndi pakamwa pake, ndipo sadzamuonanso. Akathamangira kumsewu, mwina basi aipeza, koma a Mhone sadzamusudzula, ndipo palibe mbusa kapena nkhoswe amene adzamange ukwati wa mkazi wa munthu, ngakhale munthuyo ali m'manda. Belu lachiwiri lili pafupi kulira. Musandiuze kuti apemphere, wapemphera zaka ziwiri. Ndiyankheni, inu akuchimuna makamaka: Lusizi avale nsapatozi alowere kuti?